Khoswe woyenera ball python yanu: tiyeze ndi diso, sikelo kapena dzina la papaketi?

Fungo lake sindidzaliiwala. Panali patapita masiku atatu njoka itadya, m'mawa wa Lamlungu m'mwezi wa June, Johannesburg itazizira monga imachitira nyengo imeneyo. Nditatsegula bokosi ndinapeza khoswe uja ali pansi, atanyowa, atayamba kale kuwola, njoka itadzipinda pakona mutu itaubisa. Inali ya magalamu 420. Papaketi ya makoswe panalembedwa kuti small, ndiye ine ndinatenga mmodzi osaganiza zomuyeza. Madzulo ake ndinabwereka sikelo ya kukhitchini n'kuyeza makoswe otsala mupaketimo. Wopepuka anali wa magalamu 50, wolemera wa magalamu 88. Ine ndinali nditasankha wonenepa kuposa onse, poti ndimaikonda njoka yanga. Kuwonjezera apo magetsi anathima usiku umene inadyawo, chotenthetsa m'bokosi chinazizira mpaka kucha.

Chiyambire tsiku limenelo ndayesa njira zonse zimene oweta njokazi amatsata posankha kukula kwa chakudya. Zonse zili ndi pokomera, koma sizilingana mphamvu, ndipo imodzi mwa izo ndi yongotayitsa nthawi.

Tiyambe tagwirizana za njoka imene tikunena, chifukwa Mmalawi akamva kuti nsato amaganiza za chinjoka cha m'madambo ndi m'mapiri mwathu chija chimameza mbuzi, chimene chimatha kupitirira mamita anayi. Ball python ndi msuweni wake wamng'ono. Kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, maiko ngati Ghana, Togo, Benin ndi Nigeria, mpaka kufika ku South Sudan ndi Uganda. Kutchire kwathu kulibe. Akatswiri amaitchula Python regius, ku Britain ambiri amati royal python, ndipo dzina loti ball linabwera chifukwa ikachita mantha imadzikulunga ngati mpira, mutu pakati. Ikakula imatalika mita imodzi kapena mita ndi theka, zazikazi n'zimene zimakula kwambiri. Ikamaswa dzira imalemera magalamu apakati pa 50 ndi 90. Ikasamalidwa bwino imakhala zaka 20 mpaka 30, ndipo ku Saint Louis Zoo ku America ina inaikira mazira mu 2020 ili ndi zaka zoposa 60. Ndiye cholakwa chimene mungachite pa kadyetsedwe si cha mlungu umodzi ayi. Mukhoza kuchibwereza kwa zaka makumi awiri osazindikira.

Pali bodza lina lofala loti njoka imagulula nsagwada ikamameza. Sigulula kanthu. Nsagwada yake yam'munsi ndi mafupa awiri, lakumanja ndi lakumanzere, amene sanalumikizane pachibwano ngati athu koma agwirana ndi mtsempha wotanuka. Imakoka nyama ndi mbali imodzi, kenako inayo, ngati munthu akuvala sokosi yothina, pamene kapaipi kopumira katatulukira kutsogolo pansi pa kamwa kuti isabanike. Chifukwa cha ichi imatha kumeza chinthu chachikulu kuposa mutu wake kangapo. Vuto lagona pomwepa: chimene njoka ingathe kumeza ndi chachikulu kuposa chimene iyenera kudya. Kamwa silikana, chokana ndi mimba, ndipo imakana patapita masiku awiri kapena atatu.

Kuyeza ndi diso

Iyi ndiyo njira yakale, ndipo aliyense wogulitsa njoka adzakuuzani yomweyi. Yang'anani pamene njoka yanenepa kwambiri, chapakati pa thupi, osati pakhosi kapena pamutu. Khoswe akhale wonenepa chimodzimodzi ndi pamenepo. Ena amalola kuti apitirireko pang'ono, ena mpaka kamodzi ndi theka, koma ine pa ball python sindifika kumeneko. Ikatha kumeza, pamimba pazioneka kamtumbira kakang'ono kamene kamaphwa pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Ngati sipakuoneka kanthu, chakudya chachepa. Ngati mamba atalikirana mpaka khungu la pakati pawo likuonekera, ndipo njoka ikulephera kudzipinda kapena kulowa m'kanyumba kake kobisalamo, mwaipatsa chachikulu.

Kukoma kwa njira imeneyi n'kwakuti sifuna chida, ndipo imayang'ana njoka yeniyeniyo ili pamaso panu, osati njoka ya m'buku. Njoka ziwiri zolemera mofanana zikhoza kusiyana, ina yaitali yowonda, ina yaifupi yojintcha.

Koma diso limanama, ndipo limanama mbali zonse ziwiri. Khosi la ball python ndi lopyapyala kwambiri poyerekeza ndi thupi lake, kotero munthu watsopano akaliona amachita mantha n'kumapereka timbewa tosakwanira. Ndinakumanapo ndi mnyamata wina amene anadyetsa njoka yake tiana ta mbewa topanda ubweya kwa miyezi isanu, poopa kuti itsamwidwa. Njokayo msana unali utathwa ngati denga la nyumba. Kumbali inayi, ubweya umakulitsa khoswe m'maso, khoswe wouma m'firiji amakhala atakhwinyata, ndipo akasungunuka amaphwatalala n'kuoneka wotambalala kuposa mmene alili. Choipa kwambiri ndi ichi: njoka ikanenepa mopitirira, thupi lake limatambalala, ndiye lamulo la diso limakuuzani kuti muipatse khoswe wamkulu, amene amainenepetsanso, inu n'kukwezanso. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pa njoka zazing'ono diso limagwira bwino ntchito. Pa zazikulu limakusocheretsani pang'onopang'ono.

Sikelo

Sikelo ya kukhitchini, yoonetsa manambala, yoyeza magalamu, ndi yotsika mtengo kuposa ulendo umodzi wa kwa dokotala wa ziweto. Ikani mbale yakuya pasikelo, bwezani nambala pa ziro, ikani njoka m'mbalemo, lembani. Muziyeza njoka isanadye, makamaka itachita chimbudzi, chifukwa njoka yaikulu imatha kusunga chimbudzi kwa milungu ingapo ndipo chikatuluka sikelo imatsika ndithu. Khoswe naye muyezeni, ali wouma kapena atasungunuka, kusiyana kwake n'kochepa.

Chiwerengero chimene oweta ambiri amatsata pa njoka imene ikukula ndi 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera kwake. Kanjoka ka magalamu 80 kafunika chakudya cha magalamu 8 mpaka 12. Ya magalamu 200, chakudya cha magalamu 20 mpaka 30. Ya magalamu 300, pakati pa 30 ndi 45. Njoka yanga ija ya magalamu 420 inayenera kulandira khoswe wosapitirira magalamu 63. Ine ndinaipatsa wa pafupifupi 90, kutanthauza kupitirira 20 peresenti, m'nyumba yozizira.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi poganiza kuti chiwerengerochi n'chamuyaya. Tangowerengani nokha. Njoka ya makilogalamu 1.5, mukatenga 15 peresenti, mupeza khoswe wa magalamu 225. Idzameza, inde, koma mukamachita zimenezo mlungu ndi mlungu, pakatha zaka ziwiri muli ndi soseji, osati njoka. Kanjoka kakang'ono kakumanga mafupa ndi minofu, m'chaka choyamba kamatha kuchulukitsa kulemera kwake kasanu kapena kupitirira. Yaikulu yatha kumanga, imangokhala m'kanyumba kake tsiku lonse, situlutsa mphamvu yotenthetsa thupi ngati galu kapena nkhuku, ndipo chilichonse chotsala chimasanduka mafuta. Ndiye peresenti iyenera kumatsika pamene njoka ikukula. Ikadutsa magalamu 500, ine ndimatsikira cha pa 10 kapena kucheperako. Ikadutsa kilogalamu, pakati pa 5 ndi 7 n'zokwanira. Yaikazi ya makilogalamu awiri idya khoswe wa magalamu 100 mpaka 140 n'kukhala bwinobwino. Zamphongo zambiri zimatha moyo wawo wonse osafuna khoswe wopitirira magalamu 100.

Kukula kwa chakudya sikuyenda kokha, kumayenda ndi masiku. Kanjoka kongoswa kumene sikadya mpaka katafundula koyamba, patapita mlungu umodzi kapena iwiri, ndipo kuchokera apo kamadya masiku asanu mpaka asanu ndi awiri alionse. Yapakatikati, masiku 7 mpaka 10. Yaikulu, milungu iwiri, itatu, ena amafika inayi. Munthu akandifunsa kuti khoswe wa magalamu 120 ndi wamkulu kapena ayi, ndimayamba ndafunsa kuti amamupereka kangati pamwezi. Kamodzi pa milungu itatu kwa yaikazi yaikulu palibe vuto. Mlungu uliwonse, ameneyo ndi mlandu.

Ndivomereze kuti manambala awa si malamulo ochokera kumwamba. Ndi zimene oweta apeza kuti zimayenda, ndipo mukafunsa oweta asanu mumva ziwerengero zosiyanako pang'ono. Koma sikelo ili ndi chinthu chimodzi chimene diso lilibe: imakumbukira. Mukamalemba m'kope tsiku, kulemera kwa njoka ndi kulemera kwa chakudya, pakatha miyezi isanu ndi umodzi mumaona nokha ngati njoka ikukwera bwino, yaima, kapena ikufufuma.

Phindu lina la kope limaoneka njoka ikayamba kukana kudya, ndipo ball python imatchuka ndi khalidwe limeneli. Zamphongo makamaka, nyengo yozizira kapena yofuna zazikazi ikafika, zimatha miyezi itatu kapena inayi osalawa kanthu. Wopanda sikelo amasowa tulo, amasinthasintha chakudya, amaigwiragwira njoka, n'kuwonjezera vuto. Wa sikelo amayeza kamodzi pamwezi, akaona kuti yangotsika ndi magalamu ochepa amadekha. Ikataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, kapena ikakhala kanjoka kakang'ono kamene kalibe mafuta osungira, apo ndiye pofunika dokotala wodziwa za njoka.

Mayina a papaketi

Apa sindichedwapo. Ogulitsa amagawa mbewa ndi makoswe ndi mayina a Chingerezi: pinky ndi kamwana kopanda ubweya, fuzzy kayamba kumera ubweya, hopper ndi kambewa koyamba kudumphadumpha, weaner kapena weanling ndi kongoleka kuyamwa, kenako small, medium, large ndi jumbo. Mwachidule, pinky wa mbewa amalemera magalamu awiri kapena atatu, hopper cha m'ma 8 mpaka 12, mbewa yaikulu 20 mpaka 40. Kwa makoswe, fuzzy ali cha m'ma 10 mpaka 20, weaner 30 mpaka 45, small 50 mpaka 90, medium amayambira pamenepo kufika cha m'ma 150 kapena kupitirirako.

Mwaona kale vuto lake. Small mmodzi akhoza kulemera pafupifupi kawiri kuposa small mnzake mupaketi imodzi, ndipo medium wa sitolo ina ndi large wa sitolo ina. Mayinawa ndi othandiza poitanitsa katundu basi. Munthu akakulangizani kuti njoka yanu yafika pa medium, mufunseni magalamu. Ndipo pinky wa mbewa musamugule n'komwe: ngakhale kwa kanjoka kongoswa ndi wochepa kwambiri, mafupa ake sanakhwime, ndi madzi okhaokha. Kanjoka ka ball python kamayambira pa hopper kapena kamwana ka khoswe.

Palinso matebulo amene amati njoka ya miyezi yakuti idye chakuti. Amenewo ndi ofooka kuposa mayina, chifukwa njoka ziwiri zoswa tsiku limodzi zimatha kusiyana kawiri kulemera pakutha pa chaka.

Mbewa, khoswe kapena kapuku

Funso la kukula limakoka funso la mtundu, chifukwa mbewa ili ndi polekezera. Mbewa yoweta ikakulitsitsa sipitirira kwenikweni magalamu 40 kapena 45. Njoka ikafika magalamu 400 yaipitirira kale mbewa imodzi. Ya makilogalamu 1.5 ifunika mbewa zitatu pa chakudya chimodzi, ndipo ball python si njoka yodalirika pa kudya katatu motsatizana. Imameza yoyamba, yachiwiri n'kuinunkhiza, n'kubwerera m'kanyumba, inu n'kutsala ndi mbewa ziwiri zosungunuka zoti mutaye.

N'chifukwa chake oweta ambiri amayambitsa makoswe njoka ikadali yaing'ono. Njokazi zimazolowera fungo la chakudya chimodzi n'kukakamira pomwepo, ndipo kusintha yaikulu imene yakulira mbewa ndi ntchito yofuna mtima wautali. Ena amakhuza khoswe ndi mbewa kuti atenge fungo, ena amasungunulira pamodzi m'thumba limodzi, ena amadikira njala ya milungu itatu. Khoswe amakula limodzi ndi njoka, kuyambira magalamu 10 mpaka kupitirira 300, kotero simudzasowa saizi.

Komabe mbewa ndisainyoze kwambiri. Pa magalamu 30, mbewa ndi nyama yokhwima ya mafupa olimba, pamene khoswe wa magalamu 30 ndi mwana wongoleka kuyamwa. Njoka imapeza kashiamu m'mafupa a chimene yameza, chifukwa asidi wa m'mimba mwake amasungunula mafupa onse, chotsala osagayika kwenikweni ndi ubweya. Ndiye kwa njoka ya magalamu 200 kapena 300 imene imakonda mbewa, palibe chifukwa chochitira nkhondo lero lomwe. Kungoti tsiku losintha likubwera, ndipo likachedwa limavuta. Kumapeto enawo, makoswe aakulu kwambiri aja amati jumbo nthawi zambiri amakhala okalamba amene anali oberekera, odzaza mafuta. Ball python sawafuna.

Nyama yachitatu imandisangalatsa chifukwa ife timaidziwa kuposa azungu amene amaigula modula. Ku Britain ndi ku South Africa amaitchula multimammate, ku America African soft fur, akatswiri amati Mastomys natalensis. Ameneyu ndi kapuku, yemwe uja anyamata amakumba m'minda tikakolola, amene amadzaza pa timitengo ta mbewa m'mbali mwa msewu wa M1. Dzina loti multimammate likunena za mawere ake ochuluka kuposa a makoswe ena. Amapezeka pafupifupi mu Africa yense wa kumwera kwa Sahara, kuphatikizapo kwawo kwa ball python, ndipo njoka zambiri zokana khoswe zikamva fungo la kapuku zimadzuka. Pa kukula ali pakati: wamkulu amalemera cha m'ma magalamu 40 mpaka 80, kupitirira mbewa koma osafika pa khoswe wamkulu. Kwa yamphongo ya kilogalamu imodzi, kapuku mmodzi wamkulu ndi chakudya chokwana bwino. Kwa yaikazi ya makilogalamu awiri afunika awiri. Choipa chake n'chakuti njoka ikamulawa imatha kukaniratu khoswe, ndipo ngati kumene mukukhala sapezeka nthawi zonse mwadziika pa ngongole. Ine ndimamusunga ngati mankhwala a njoka yovuta, osati chakudya cha masiku onse.

Mmalawi aliyense afika pa ganizo limene inenso ndinafikapo: bwanji osangotchera msampha kuseri kwa nyumba? Musatero. Khoswe wa m'nyumba kapena wa kumunda akhoza kukhala atadya tameki kapena mankhwala ena a makoswe, ndipo poizoni ameneyo amalowa mwa njoka. Amanyamulanso njoka zam'mimba ndi nthata. Ku West Africa kapuku wa kutchire ndiye amafalitsa matenda a Lassa kwa anthu. Za mbewa zowiritsa, zothira mchere n'kuumitsa zija, imeneyo ndi ndiwo yathu, njoka siidya. Chofunika ndi nyama yoweteredwa m'khola, yodya zodziwika, yathunthu ndi ubweya, matumbo ndi mafupa ake.

Anapiye a tsiku limodzi ndi zinziri nazo zimalowa. Kutchire njokazi sizidya makoswe okha. Luca Luiselli ndi Francesco Angelici atafufuza za m'mimba mwa ball python kum'mwera chakum'mawa kwa Nigeria, mu 1998 analemba kuti zamphongo zimadya kwambiri mbalame pamene zazikazi zimadya kwambiri nyama za ubweya. Mwanapiye amalemera magalamu 35 mpaka 40 koma nthenga zimamuonetsa wamkulu, ndiye apanso sikelo ndi imene imanena zoona. Ndi wabwino posinthitsa kakomedwe mwa apo ndi apo. Mungokonzekera chimbudzi chofewa ndi chonunkha kuposa masiku onse.

Wamkulu mmodzi kapena aang'ono awiri

Ngati kulemera kwake pamodzi n'kofanana, mmodzi wokwana bwino amaposa awiri, pa zifukwa zimene ndanena kale: njoka siikana pakati, ndipo nyama yokulirapo ili ndi mafupa okhwima. Awiri aang'ono ali ndi malo ake. Njoka ikakhala pakati pa masaizi awiri, kapena muli ndi paketi ya ang'onoang'ono imene mukufuna ithe, aperekeni motsatizana, wachiwiri woyamba atangotsika kufika m'mimba. Chimene simuyenera kuchita ndi kupereka awiri oti aliyense payekha anali wokwana kale. Pali oweta amalonda amene amadyetsa mothinana chotero kuti zazikazi zifike msanga pa kulemera koikira mazira, cha pa makilogalamu 1.5. Imakula msangadi, koma mutu umatsalira, thupi n'kufufuma, chiwindi n'kudzaza mafuta. Njoka yoti mukhala nayo zaka 25 mukuithamangitsira kuti?

Mukakayika pakati pa makoswe awiri, tengani wocheperapo. Chakudya chochepa pang'ono chimakonzedwa mlungu wotsatira. Chachikulu chikabwerera kukamwa, mwataya milungu itatu.

Nkhani ya wamoyo kapena wouma m'firiji imakhudzanso kukula. Khoswe wamoyo amene watsegula maso ndipo mano akhwima amaluma, ndipo akasiyidwa m'bokosi ndi njoka yosafuna kudya amatha kuitafuna msana mpaka kuonekera fupa. Ball python ikaopsedwa sibwezera, imangodzikulunga. Khoswe akamakula ngozi imakulanso, ndiye amene amadyetsa amoyo amakakamizika kukhala pa aang'ono ndi kuimirira pomwepo mpaka zithe. Ku Britain pafupifupi aliyense amadyetsa ouma, ndipo ku England ndi Wales lamulo la Animal Welfare Act la 2006 limaletsa kuzunza nyama popanda chifukwa, khoswe naye ali momwemo. Wouma mumamuyeza modekha, mumagula ambiri nthawi imodzi, mumasankha. Msungunuleni m'firiji, mbali yosaumitsa ija, usiku wonse ali m'thumba lotseka, kenako muviike thumbalo m'madzi otentha bwino mpaka afunde ngati wamoyo, mutu makamaka, chifukwa njoka imasaka ndi timaenje ta pamlomo wam'mwamba timene timamva kutentha. Mufinyeni pamimba kuti mutsimikize kuti m'kati mulibe pouma. Khoswe wamkulu amachedwa kusungunuka pakati, ndipo wozizira m'kati amasanzitsa ngakhale saizi ili yoyenera. Mu microwave musamuike, amaphulika. Muperekeni kwa njoka ndi chopanira chachitali, osati ndi zala, ndipo mukatha sambani m'manja ndi sopo. Mu 2021 bungwe la Food Standards Agency ku Britain linachenjeza oweta njoka za matenda otsegula m'mimba a salmonella ochokera ku mbewa zouma zoterezi, ndipo ambiri mwa odwala anali ana. Thumba la makoswe lisagundane ndi nyama ya pa banja. Kwathu kuno muwonjezerepo za magetsi: firiji ikazima nthawi yaitali makoswe n'kusungunuka n'kuumanso, atayeni.

Kutentha kwa m'bokosi ndi theka la nkhani yonse. Njoka sigaya chakudya ndi kutentha kwa thupi lake, imabwereka kwa malo amene yagona. Mbali yofunda ya bokosi ikhale madigiri 31 mpaka 33, yozizira 24 mpaka 27. Kugaya kwenikweniko ndi ntchito yolemetsa. Stephen Secor ndi Jared Diamond, pofufuza nsato za ku Burma m'zaka za m'ma 1990, anaonetsa kuti nsato ikameza, matumbo ndi ziwalo zina zimakula m'masiku awiri okha ndipo mpweya umene thupi limagwiritsa ntchito umachuluka kambirimbiri, mochuluka kwambiri chakudya chikakhala chachikulu. Pamene asidi akusungunula khoswe kuchokera kunja, tizilombo ta m'matumbo mwa khosweyo tikumuwoletsa kuchokera m'kati. Ndi mpikisano. Khoswe akakhala wamkulu ndipo malo n'kuzizira, kuwola kumapambana, mpweya umadzaza, njoka n'kumutulutsa kuti ipulumuke. Choncho nyengo yozizira, kapena mukadziwa kuti magetsi avuta usiku umenewo, chepetsani saizi kapena dikirani tsiku lina. Ikadya musaigwire kwa masiku awiri. Maso ake akachita mtambo posonyeza kuti ili pafupi kufundula, ambiri timangolumpha chakudya chimenecho.

Ikasanza, musathamangire kuipatsa china mawa lake poganiza kuti ili ndi njala. Asidi wapsereza kummero ndipo m'mimba mwatha mphamvu. Dikirani milungu iwiri yathunthu, madzi abwino alipo, kutentha mwakonza, osaigwiragwira. Kenako ipatseni chakudya cha theka la chija imadya masiku onse. Chikakhazikika, kwezani pang'onopang'ono pa zakudya ziwiri kapena zitatu. Ikasanzanso kachiwiri motsatizana, nkhani yachoka pa saizi, pitani nayo kwa dokotala.

Woweruza womaliza, pamwamba pa diso ndi sikelo, ndi maonekedwe a thupi la njoka pakapita miyezi. Yerekezani kuti mwaidula pakati n'kuyang'ana podulapo. Yathanzi imaoneka ngati buledi wa m'chitini: pansi pophwatalala, mbali zodzaza, pamwamba pozungulira, msana ukumveka pang'ono mukasisita. Yowonda imakhala ya makona atatu, msana uli chilili, khungu likukwinyika m'mbali. Yonenepa mopitirira ndi yobulungira ngati paipi, pamsana pali kangalande chifukwa mafuta atukuka mbali zonse ziwiri, ikadzipinda pamachita mapindi, ndipo chakumchira thupi limatha mwadzidzidzi ngati ili ndi matako. Mwa ball python zimene ndaona m'nyumba za anthu, zonenepa n'zambiri kuposa zowonda, ndipo eni ake amazionetsa monyadira, monga timachitira ndi mwana wa masaya. Kuchepetsa thupi la njoka kumatenga chaka kapena kupitirira, chifukwa ngakhale muimane mwezi wathunthu siitaya kanthu kooneka. Mumangotsitsa saizi ya khoswe, kutalikitsa masiku, ndi kuikamo nthambi zoti izikwera usiku.

Yanga ija inachira. Pano ili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndi yamphongo, imalemera magalamu 1,350 ndipo yakhala pamenepo kwa zaka ziwiri. Imadya khoswe wa magalamu 80 kapena 90 pa milungu itatu iliyonse, ndipo chaka chilichonse kuyambira May mpaka chakumapeto kwa August imakana chilichonse, ngakhale kapuku. Paketi ikafika ndimakhala pansi ndi sikelo, kuyeza khoswe mmodzimmodzi, kulemba magalamu pathumba lake ndi cholembera chosafufutika. Opitirira 100 ndimapatsa mnzanga wina wa ku Germiston, pafupi ndi Johannesburg, amene ali ndi yaikazi.